Chigamba cha pa Bwato

Anabwera Lachitatu m'mawa, mwezi wa Epulo, m'chaka chachitatu cha nkhondo ya Ajeremani. Ndinali kudimba kwathu kwa Ndamera, ndikubzala chimanga m'matope amene madzi a Shire anali atangosiya. Asilikali awiri a boma anaima m'mbali mwa dimbalo, mmodzi atanyamula chingwe. Wamkuluyo anafunsa ngati ndine uja ndinkamasulira mzungu wa mabuku. Nditavomera anati, "Sambani m'manja, aphunzitsi. Bwana safuna matope pa buku lake." Ndinasamba, ndipo anandimanga manja akadali onyowa.

Mzungu wa mabukuyo anali atakhala nafe miyezi isanu chaka chapitacho. Sanali wa boma, sanalinso wa mishoni. Ankati anatumidwa ndi sukulu yaikulu ya kwawo kuti alembe miyambo yathu isanathe. Ine, poti ndinaphunzira kumishoni ndipo ndinkamva Chimang'anja, Chisena ndi Chingerezi, ndinakhala pakamwa pake ndi makutu ake. Ndisabise, ndinkanyada. Ndinkayenda pambuyo pake tepi yoyezera ili m'manja, mapewa ali m'mwamba, ngati kuti sukulu yaikuluyo inatuma ine. Munthuyo ankayeza chilichonse: mitondo, makasu, miono, ngakhale khomo la nkhokwe.

Kufupi ndi Marka kunali mkulu wina wowolotsa anthu pa bwato. Masiku amenewo boma linkagwira amuna kuti akasenze katundu kunkhondo, ntchito ija ya mtengatenga, ndipo ambiri opita sankabwerako. Mkuluyu anali ndi nyimbo ziwiri zopalasira. Akaimba yoyamba, amuna obisala m'bango ankadziwa kuti padooko pali bwino, atuluke awoloke. Akaimba yachiwiri, ankadziwa kuti asilikali ali pafupi. Mzungu anazimva nyimbozo, nafuna kudziwa chifukwa chake mkuluyo amasinthasintha.

Mkuluyo anakana kawiri kufotokoza. Kachitatu anandiitanira pambali.

"Mwananga, mzunguyu ine nkhabe kumudziwa, sindimudziwa konse," anatero. "Ndikudziwa iwe, ndikudziwa mai ako. Bukuli likupita kuti?"

Ndinawayankha kuti likupita kutsidya kwa nyanja, kumene kulibe wowadziwa. Ndinalumbira kuti dzina lawo sililembedwa. Ndinawakumbutsanso kuti mlendo ndi mame, asamumane kanthu kochepa. Mzunguyo ndinamuumiriza kuti m'malo mwa maina azilemba manambala, ndipo anavomera, nandiyamikira kuti ndili ndi nzeru. M'bukumo mkuluyo anakhala Wachinayi. Atatha kufotokoza za nyimbo, mzungu anajambula bwato lawo ndi pensulo, ine ndikugwira tepi. Linali bwato lakale, ndipo kutsogolo kwake kunali chigamba cha lata chokhomedwa ndi misomali isanu ndi iwiri.

Buku limenelo ndinalipeza patebulo la bwana wa boma. Pambuyo pake ndinamva kuti mzunguyo, akudikira sitima, anagona kwa bwanayo mlungu wathunthu, ndipo pochoka anamusiyira kope lina ngati mphatso yothokozera. Ine sanandiuze. Sanawafunsenso mkulu uja.

Bwana anatsegula pamene anaikapo chala, nandiuza kuti ndiwerenge mokweza. Ndinawerenga mawu anga omwe, monga ndinawamasulira. Kenaka anafunsa kuti Wachinayi ndani. Ndinati ndinaiwala. Anafunsa kuti amakhala dooko liti, pakuti madooko ndi ambiri kuchokera kwa Mlolo mpaka kumalire. Ndinati madooko onse amafanana. Sanakweze mawu. Anangotseka bukulo, nauza msilikali wamkulu uja kuti andithandize kukumbukira.

Anandigoneka pabwalo, pafupi ndi mtengo wa mbendera. Chikoti chinali cha chikopa cha mvuu. Ndinawerenga mpaka khumi ndi chimodzi, kenaka ndinasiya kuwerenga. Milungu itatu yotsatira ndinagona chafufumimba.

M'chipinda chathu tinalimo anthu khumi ndi anayi, ndowa imodzi. Masana tinkadula nkhuni za sitima titamangidwa awiriawiri pa unyolo, ntchentche zikutsata msana wanga. Lolemba lililonse ankanditengera kwa bwana, ndipo funso linali lomwelo. Mwezi wa Meyi anandigonekanso pabwalo paja, mabala akale asanapole. Msilikali wamkuluyo sanali munthu wankhanza kuposa ntchito yake. Tsiku lina akunditsegula unyolo anati, "Aphunzitsi, dzina sililemera. Mungolitula basi, mupite kukakolola. Mzungu wanuyo pano akumwa tiyi kwawo."

Ndinamuda mzunguyo masiku amenewo, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire. Koma ndinali ndi chonditonthoza. Ndinkadziuza kuti ine ndasunga pangano, kuti nzeru yanga ya manambala yagwira ntchito, kuti amuna akuwolokabe. Kunyada kuja kunali kusanathe, kunangosintha malaya.

Lolemba lachiwiri la Julayi sananditenge. Lolemba linalo sananditengenso. Nditafunsa, msilikaliyo anayang'ana kumbali.

"Sakukufunaninso," anatero. "Buku lanena lokha."

M'mawa mwake tikupita kunkhuni tinadutsa padooko la boma. Bwato lija linali pamtunda, litamangidwa ndi unyolo kumtengo. Chigamba chinkawala padzuwa. Bwana anali atatembenuza tsamba, naona chithunzi, natuma anthu kuti ayende dooko ndi dooko akuwerenga misomali. Kutalika kwa bwatolo kunalembedwa m'munsi mwa chithunzicho, monga ndinatchulira ine nditagwira tepi.

Mkuluyo ndinawaona kamodzi, Lachisanu, akuwakweza m'sitima pamodzi ndi amuna ogwidwa kuti akasenze katundu. Anali munthu wa imvi, wosayenera ntchito imeneyo. Tinayang'anizana. Ndinkafuna kuvula malaya kuti aone msana wanga, koma dzanja langa linali lomangidwa ku dzanja la mnzanga. Sitima inanyamuka nawo. Sanabwerenso, ndipo palibe amene anatiuza kumene anagona.

Ananditulutsa Loweruka lina mu Seputembala, popanda mlandu, popanda kalata. Anandibwezera chipewa changa ndi tepi ija, imene anaipeza m'nyumba mwanga. Sindinapite kwathu. Ndinayenda wapansi mpaka ku Marka.

Akazi a mkulu uja ndinawapeza akupeta mapira pakhomo. Ndinakhala pansi patali, ndinaomba m'manja, ndipo anandisiya choncho mpaka atamaliza lichero. Ndinawafotokozera zonse. Ndinavula malaya, ndinatembenuka. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Vala, mwananga," anatero. "Tinamva kuti sunatchule. Takhuta, zikomo. Koma amuna anga anakana kawiri. Kachitatu sanauze mzungu, anauza iwe."

Anabwerera ku mapira awo. Ine ndinavala.

Papita zaka zisanu ndi zinayi. Nkhondo inatha, ndipo ndimayenda kumene ndifuna, palibe wondifunsa. Anthu amati umenewo ndiwo ufulu, ndipo sinditsutsa, pakuti ndinaudziwa unyolo. Azungu ena awiri a mabuku anabwera kudzandifuna, atamva kuti ndimamasulira bwino. Aliyense ndinamufunsa ngati amene akumulembayo adzaliona bukulo lisanapite kwa wina, ndi kuti iye adzakhala kuti tsiku limene bukulo lidzatsegulidwe kuboma. Woyamba anaseka. Wachiwiri anaganiza nthawi yaitali, nanena kuti sakudziwa. Ndinamulemekeza chifukwa cha yankho limenelo, koma sindinapite naye.

Mtsinje ndimawolokabe, pakuti mlongo wanga anakwatiwa kutsidya. Amene amapalasa pa dooko lija tsopano ndi mwana wa mkulu uja. Amandipatsa moni mwaulemu, amandigwira dzanja pokwera, amandikhazika pouma. Ndikakhala patali ndimamumva akuimba, ndipo mawu ake ndi a bambo ake. Ndikangoponda m'bwato amasiya, ndipo timawoloka Shire yense kukumveka nkhafi yokha.