Ndinapsa ndi tiyi, anzanga n'kumaseka

Inu owerenga, ine ndinapsa ndi tiyi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kumwetulira. Sekani, anzanganso anaseka. Koma dzanja langa lamanja silifumbatanso.

Ndinkagwira ntchito yolera mwana ku Discovery Gardens. Kuno ku Dubai tiyi wamkaka wotchedwa karak amagula osatsika m'galimoto, umangoliza hutala wogulitsa n'kubwera pawindo. Tsiku lina madamu, abwana anga, anaima pakasitolo kena, ine ndili kumbuyo ndi mwana. Wogulitsa anandipatsira kapu yapepala yosavindikira bwino, tiyi akuchita kubwadamuka. Mwana anaitsomphola, ine pomutchinga tiyi yense anathera padzanja langa.

Apa m'pamene ndinadzipha ndekha. Madamu atafunsa, ine ndi ulemu wathu wachimalawi uja ndinati palibe vuto, ndikumwetulira, mkati ndikufa. Wogulitsa anamva, anangoti khalas, kutanthauza kuti basi zatha, n'kubwerera. Kunyumba ndinapaka mankhwala otsukira mano monga timachitira kumudzi, kumanga kansalu, n'kupitiriza kutsuka mbale. Pomwe ndinkafika kuchipatala bala linali litaola, ndipo litapola zala zinakokana.

Mayi wina wakutchalitchi anandilimbitsa mtima kuti ndikasumire sitoloyo. Nkhani itangofika pagulu lathu la Amalawi la pafoni, eee! Wina analemba kuti, "Achemwali, kodi tiyi amagulitsa wozizira?" Wina anati ndatengera za azungu, ndikufuna kulemera ndi kapu imodzi. Mpaka anandipatsa dzina loti Nakaraki. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati tione dzanjalo. Zinandiwawa kuposa tiyi uja.

Ndinapitabe kwa loya, mwamanyazi. Iye anafunsa za mboni. Madamu anati ine mwini ndinanena kuti palibe vuto, a sitolo nawonso chimodzimodzi. Sananame. Mlandu unafera pomwepo, ntchito nayonso inatha, poti ndani angasunge wolera mwana wosatha kunyamula mwana?

Abale anga, mukapsa lirani pomwepo anthu amve, thamangirani kuchipatala, ulemu uzibwera pambuyo. Ndipo mukamva kuti wina wasuma chifukwa cha tiyi, yambani mwaona bala musanaseke. Ine ndilibenso kolowera. Masiku ano munthu akandipatsa chinthu ndimalandira ndi dzanja limodzi, lamanzere, ndipo akuluakulu amandiyang'ana ngati mwana wopanda mwambo.