Mwala Woyandama wa a Zuze

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kuthamangitsitsa munthu wosalakwa m'nyumba. Tinkakhala ku Bangwe, pa lendi, mabanja anayi pa puloti imodzi. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo aliyense anali ndi kabizinesi kake, uyu tomato, uyu makala, uyu kaunjika. Ine bizinesi yanga inali pakamwa. Amayi ankati ndikaona chinthu m'mawa, pofika masana Limbe yonse yamva.

M'chipinda cha kumapeto munkakhala a Zuze, bambo wachikulire wa ku Nsanje, wamtali, waimvi, wokhala yekha. Ankaphika masikono mu uvuni wa njerwa umene anamanga okha kuseri. Masikono ake, abale! Ankatha dzuwa lisanakwere, pamene ogulitsa anzawo ankabwerera ndi katundu madzulo. Luso limeneli analiphunzira pa sitima ya pamadzi, pomwe anakhala akuphika zaka zambiri, sitimayo ikuyenda kuchokera ku Beira kupita ku zilumba za Komoro.

Kusukulu tinkaphunzira pansi pa mtengo, khamu losaneneka, ndipo mawu a aphunzitsi sankafika kumbuyo kumene ndinkakhala. Choncho za dziko ndinaziphunzira pakhonde pa a Zuze, iwo akukanda ufa, ine ndikufunsa. Ankandiuza za chilumba chimene chonsecho ndi phiri lotumphuka m'nyanja, phiri la moto mkati.

"Likaphulika, mwananga, miyala imasungunuka," ankatero. "Imatsika pang'onopang'ono ili psuu, mpaka kukagwera m'nyanja, madzi n'kumawira."

Ankati pachilumbacho mvula imagwa yambiri koma mtsinje palibe, chifukwa nthaka imamwa madzi onse, moti anthu amamanga mathanki okololera madzi a padenga. Ankanena za mileme yaikulu kuposa khwangwala imene imauluka masana dzuwa likuswa mtengo, ndi za akamba a m'nyanja amene amatuluka kudzakumba mumchenga n'kuikira mazira. Azimayi a kumeneko, ankatero, amapera mtengo wonunkhira pamwala n'kudzola kumaso, ndipo maluwa achikasu opangira perefyumu amawathyola m'mamawa mame asanaume. Ine ndinkangoti kukamwa yasa.

"Nanga anthuwo sathawa phirilo?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Athawire kuti? Ndi kwawo. Ndipo nthaka imeneyo ikazizira n'kupita zaka, nthochi zake iwe sunazionepo."

Tsiku lomwelo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini ka tiyi. Mkati munali mwala wokulungidwa m'kansalu, wotuwa, wokhakhala, waukulu ngati chibakera. Anandigwiritsa, ndipo ndinadabwa kupepuka kwake. Kenako anauponya m'beseni la madzi. Sunamire! Unangoyandama, n'kumazungulira pang'onopang'ono. A Zuze anayamba kufotokoza chifukwa chake, koma fungo la masikono opserera linawathamangitsira kuseri. Ine sindinadikire kuti abwerere. Mtima unali kale kumpopi, kumene azimayi a m'dera lathu ankatunga madzi.

Mawa lake a Zuze atapita kogulitsa, ndinamasula waya wa pachitseko chawo n'kutenga mwala uja. Sindinkafuna kuba ayi, ndinkafuna kutchuka. Kumpopi ndinapeza mzere wautali, ndipo ndinaponya mwalawo m'ndowa ya Mayi Chikopa, amene ankagulitsa mandasi pamsewu womwewo ndi a Zuze. Unayandama, onse akuona.

"Mayo ine!" anakuwa Mayi Chikopa, n'kukhuthula ndowa yonse. "Iwe, wautenga kuti umenewu?"

"Kwa a Zuze."

"Ndiye mwala ukuyandama bwanji?"

"Kaya," ndinayankha.

Kaya wanga ameneyo ndi amene anawononga zinthu. Mayi Chikopa anawomba m'manja kamodzi n'kugwira m'chiuno. "Ndinkadziwa ine! Masikono otha mamawa tsiku ndi tsiku, mumati ndi shuga? Kukhwima kumeneku. Akutidyetsa mankhwala mkuluyu."

Mwalawo ndinaubweza m'kachitini mwakachetechete, koma nkhani inali itathawa kale. Amayi anandikoka khutu mpaka kutentha, n'kundiletsa kupondanso pakhonde lija. Pasanathe masiku atatu, a Zuze anayamba kubwerera ndi dengu lodzaza. Ndinkawaona akukhala pampando wawo, masikono akuuma pambali, palibe mwana wobwera kudzapempha nyenyeswa. Kenako eni puloti, Mayi Namaona, anawauza kuti mwezi ukatha asamuke, chifukwa anzawo a pa lendi akuopa. Munthu wa zaka zimenezo, wopanda wachibale m'tauni, mbiri yoipa ikumutsatira, akanalowera kuti?

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti a Zuze ankadziwa kuti ndine ndinayambitsa zonsezi, koma m'mawa uliwonse ankandipatsabe moni. "Wadzuka bwanji, mwananga?" Ine ndinkangowerama n'kuthawa.

Lamlungu titabwerako ku Misa, a Zuze anatulutsa tebulo pakati pa bwalo. Anaikapo beseni la madzi, sikono imodzi ndi kachitini kaja, n'kupempha Mayi Namaona kuti aitane anthu. Anabwera ambiri, ngakhale a mapuloti oyandikana, poti za ufiti siziitanidwa kawiri. Onse anaima chapatali, ena atagwira korona m'manja.

"Amayi ndi abambo," anayamba motero a Zuze, mawu ali phee. "Ndisanasamuke, ndiloleni ndimalize zimene ndinayamba kumuuza mwanayu."

Ananyema sikono ija n'kuikweza m'mwamba. "Mukuona timabowoti? Ufa ukatupa, mpweya umatsekeredwa mkati, n'chifukwa chake sikono imapepuka. Phiri la moto nalonso likaphulika, mwala wosungunuka umachita thovu. Ukazizira msanga, mpweya umatsala mkati. Mwala uwu ndi thovu louma basi. Kuzilumba kuja ana amautola m'mphepete mwa nyanja n'kumaseweretsa."

Anthu ena anayamba kusendera. Koma Mayi Chikopa sanagonje. "Zapakamwa izo. Ife tidziwa bwanji zimene zili mkati? Mwina muli tsitsi la munthu mmenemo."

A Zuze anauyang'ana mwala uja nthawi yaitali, akuusisita ndi chala chachikulu. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi hamala. Apo ndi pamene pakamwa panga panatseguka.

"Musauswe! Ndine ndinautenga, musauswe chonde!"

Anandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono, hamala n'kutsika. Phwaa! Mwala unamwazika patebulo. Munalibe tsitsi, munalibe nyanga, munali timabowo tokhatokha, ting'onoting'ono, mpaka pakati. Anatola zidutswa n'kumaponya m'beseni chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chinayandama.

Mayi Namaona ndi amene anayamba kufika patebulo. Anatola chidutswa chachikulu, anachitembenuza, anachinunkhiza. Kenako anavula patapata n'kuchiyesa pachidendene chawo cha ming'alu.

"Abale inu, umakwecha bwino mapazi mwala uwu!"

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, ndipo azimayi omwe aja anaima chapatali anayamba kulimbirana zidutswa. Mayi Chikopa anangoti "hm," koma nawonso ndinawaona akumanga kachidutswa pansonga ya chitenje. Pochoka, Mayi Namaona anatembenuka n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Bambo Zuze, za kusamuka zija zisiyeni. Mawa mundisungire masikono anayi."

Anthu atabalalika ndinatsala ndekha ndi a Zuze. Ankasesera fumbi la mwala m'kachitini ndi m'mphepete mwa dzanja, mosamala, osafuna kuti ngakhale kachidutswa kamodzi kagwe pansi. Ndinapepesa ndikulira, mamina ali chuchuchu. Pofuna kuwatonthoza, ndi nzeru zanga za umwana, ndinati mwina tsiku lina adzapitanso n'kukatola wina.

"Uwu sindinatole ayi," anatero. "Anandipatsa mnzanga Bakari, msodzi wa pachilumba paja. Ndinadwalapo malungo sitima n'kundisiya, iye ananditengera kunyumba kwake, Msilamu kusunga Mkatolika miyezi iwiri. Ponyamuka analibe china chondipatsa. Sindinamuonenso."

Anatseka kachitini. "Usalire. Kudabwa sunalakwe. Unalakwa kuthamanga usanamve chifukwa chake. Anthu ukawaonetsa chinthu chachilendo osawafotokozera, amadzipezera okha yankho, ndipo nthawi zambiri amapeza loipa."

Masikono anayambanso kutha mamawa, ndipo a Zuze anakhala m'chipinda chija mpaka imfa yawo. Ine ndakula, ndawerenga mabuku a sayansi, ndipo zonse zimene ankandiuza ndazipeza kuti zinali zoona. Koma chimene ndachimvetsa mochedwa n'china. Akanatha kunyamula katundu wawo n'kuchoka mwala uli wathunthu, n'kutisiya ife ndi mantha athu. Anasankha kutiphunzitsa, akudziwa bwino lomwe chimene ataye. Sindinakumanepo ndi mphunzitsi wina wolimba mtima chotero, ndipo ndimawasilira mpaka lero. Koma manyazi sanandichoke, chifukwa ngakhale hamala inali m'manja mwawo, amene anaswa mwala uja ndine.