Nthenga Yakuda pa Mkanjo Woyera

Chaka china ndikuphunzitsa ku Nkhotakota, anandiika m'gulu la oweruza mpikisano wa nkhani za upandu. Tinalipo atatu: ine, wapolisi wina wopuma pantchito, ndi atcheyamani a chipani, amene kuwerenga sankakukonda koma kuweruza ankakukonda kwabasi. Mphoto yake inali wailesi. Malamulo olembedwa anali awiri okha: nkhani ikhale ya m'Chichewa, ndipo wolakwa agwidwe pomaliza. Osalembedwawo aliyense ankawadziwa yekha.

Makope ankayamba kufikira kwa ine. Ambiri anali a mbava zothyola sitolo, zogwidwa tsamba lachiwiri lisanathe. Limodzi lokha ndi limene linandigwira mtima, la telala wina wachisilamu yemwe ankasoka pakhonde pafupi ndi msika. M'nkhani mwake munabedwa tambala, ndipo wakubayo anadziwika ku mzikiti tsiku Lachisanu chifukwa cha kanthenga kakuda kamene kanakanirira pa mkanjo wake woyera.

Vuto linali tambalayo. Anali wakuda, ndipo pa tsamba lachitatu wakubayo anamuzinga. Masiku amenewo tambala wakuda ndiye anali chizindikiro cha chipani, ndipo anthu ankatengedwa osabwerera pa zifukwa zochepera pamenepo. Telalayo sanaganizeko n'komwe, iye ankangofuna nthenga yooneka bwino pa nsalu yoyera. Kunyumba anali ndi mkazi ndi ana.

Ndinatenga cholembera n'kuyeretsa tambalayo tsamba ndi tsamba, mpaka kanthenga kaja nakonso kanayera. Ndinkaopera telalayo, koma ndisaname, ndinkadziopera ndekhanso.

Tsiku loweruza, atcheyamani anati nkhaniyo inalibe chovuta. Amene anaikana ndi wapolisi uja. Anati zaka zonse zimene anagwira ntchito sanamvepo kuti nthenga yoyera yagwiritsa munthu wovala zoyera. Sindinatsutse. Wailesi inapita kwa kalaliki wina amene mbava yake inangokadzipereka yokha kupolisi.

Patapita sabata ndinakamubwezera telalayo kope lake. Anaimitsa makina, n'kuyang'ana zofufutazo tsamba lililonse.

"Aphunzitsi, ndiye mwandiphera nkhanitu," anatero kenaka.

Ndinavomera. Chifukwa chake sichinali chonenera pakhonde podutsa anthu, ndipo sindinachinene tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mpikisanowo unachitikabe zaka zingapo, ine ndikuweruzabe. Telalayo anapitiriza kundisokera malaya, ndipo ankasoka bwino ndithu, koma kope lake silinabwerenso.