Ndinathawa Chinkhoswe Changa Chifukwa Chodziderera

Inu owerenga, ine ndi mkazi amene ndinathawa pa chinkhoswe changa chomwe. Palibe amene anandithamangitsa. Mwamunayo sanandilakwire kalikonse, ndipo sikunabwere mkazi wina ndi mwana kumsana kudzasokoneza mwambo monga timamvera kwina. Ndinangonyamuka ndekha n'kutulukira khomo lakuseri, anthu akuvina panja. Ndikukuuzani izi kuti amene ali ndi nthenda ngati yangayi aizindikire msanga, chifukwa ine ndinaizindikira madzi atatayika kale.

Kwathu ndi ku Lirangwe, ndipo ntchito yanga ndi yoluka tsitsi pamsika. Ndine wamtali kuposa amuna ambiri a m'mudzi mwathu, wakuda bii, ndipo mapazi anga ndi aakulu moti pa kaunjika nsapato ndimakasankha pa mulu wa za abambo. Musaseke, kapena sekani, poti ndinazolowera. Nkhani yonse inayambira pamenepo.

Mukudziwa momwe chinkhoswe chimayendera kuno. Mkwatibwi satulutsidwa yekha. Amayi amafunditsa zitenje atsikana angapo kuyambira kumutu, n'kumawatulutsa mmodzimmodzi kuti akuchimuna aloze wawo. Akavundukula wolakwika anthu amaseka, akuchimuna n'kuponya kangachepe m'lichero kuti mlendoyo abwerere komwe wachokera. Tsono kuyambira ndili namwali, azakhali anga anaona kuti woyenera kukhala wolakwikayo ndine. Chinkhoswe chilichonse cha pachibale, ngakhale cha aneba, mumve akuti kaitaneni chimtali chija. Chitenje sichinkafika n'kumapazi komwe. Ndikangoti tulukiru pakhomo, anthu ankayamba kufa nalo phwete ndisanavundukulidwe, wolengeza mwambo n'kumati ameneyu watsika ndege pa Chileka pompano, akuchimuna mugulireni tikiti abwerere msanga. Kenako gulu lonse limodzi: "Si ameneyu!"

Ine ndinkaseka nawo, ndipo ndinkachita kuwonjezera mchere. Ndinkavina mokhotakhota, kutuzula maso, kudzigwetsa pamphasa. Ndinkadzinyoza ndekha wina asanayambe, poganiza kuti ndikayamba ine sizipweteka kwambiri. Anthu ankati mtsikana uyu ndi wansangala, alibe nazo ntchito. Chikomekome cha mkuyu, abale anga. Mwambo ukatha ndinkakakhala kuseri kwa khola la mbuzi n'kumalira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa. Mawu aja ndinawamva kambirimbiri mpaka ndinayamba kuwakhulupirira pa chilichonse. Kutchalitchi akati tisankhe woyambitsa nyimbo, ine maso pansi. Kasitomala akayamikira kalukidwe kanga, ndinkayankha msanga kuti tsitsi lanu ndi lomwe lili labwino, ine sindinachitepo kanthu.

Ndiye kunabwera munthu wina. Dzina lake lenileni sinditchula, tingoti a Yotamu. Anali mphunzitsi wa pulayimale ku Chileka, munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Tsiku loyamba anaperekeza achemwali awo kudzalukitsa tsitsi la ukwati. Kenako anayamba kubwera okha, opanda tsitsi loti n'kuluka, n'kumangokhala pa benchi kumvetsera nthabwala zanga. Tsiku lomwe anandifunsira mbeta ndinawaseka pamaso, n'kuwafunsa kuti mwabetcherana ndi ndani. Anakhumudwa, koma sanasiye kubwera. Patapita nthawi ndinalola, ndipo ndinene mosabisa, ndinkawakonda ndi mtima wanga wonse.

Koma taonani momwe nthenda imeneyi imachitira. Kwawo kwa a Yotamu ndi kwa anthu a mishoni, bambo awo opuma pantchito ya boma, mayi awo a Mvano, m'nyumba muli shelefu ya mabuku. Ife kwathu ndi alimi a chimanga ndi nandolo, makolo athu anachokera ku Mozambique wapansi. Mayi awo anandilandira bwino ndithu, anandiphera nkhuku, n'kundipatsa chitenje chatsopano. Ine m'malo mosangalala ndinati andipatsa chitenjechi kuti ndibise miyendo. Achemwali awo akandiseketsa, ndinkati akundiyesa chidole. A Yotamu akati mwatchena lero, ndinkati akundimvera chisoni. Chabwino chilichonse chimene anthu aja anandichitira ndinkachitembenuza mpaka chikhale chipongwe.

Chinkhoswe chathu chinachitika titangokolola. Ndinali m'chipinda cha amayi pamodzi ndi asuweni anga awiri, tonse atatifunditsa kale zitenje. Panja nyimbo zili m'kati, akuchimuna afika ndi galimoto kuchokera ku Chileka. Pamenepo azakhali aja analowa ali wefuwefu ndi chisangalalo, n'kunena mokweza kuti, "Lerotu zavuta. Nanga wolakwika akhala ndani poti wolakwika wathu ndi amene akukwatiwa?" Amayi onse m'chipindamo anaseka. Sankafuna kundipweteka, zimenezo ndikudziwa tsopano. Koma ine m'chitenje muja sindinaseke nawo. Ndinayamba kuona m'maganizo momwe zikhalire: andivundukula, anthu a m'mudzi aseka poti anazolowera, abale a a Yotamu ovala masuti ayang'anizana, ndipo a Yotamuwo andiona momwe aliyense amandionera, n'kuchita manyazi koma osanena poti ndi munthu waulemu. Ndinati zimenezo sindingazipirire.

Ndinanama kuti ndikupita kuchimbudzi. Ndinadutsa m'munda wa mapesi, chitenje chili kumutu, mpaka pamsewu wa tala. Minibasi yoyamba kuima inali yopita ku Mdeka, ndipo ndinakwera, n'kuthimitsa foni. Ndinakabisala kwa mnzanga wina amene ndinaphunzira naye.

Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Amalume anga, omwe anali nkhoswe yanga, ndi amene anaima pamaso pa khamu lija kuliuza kuti mkwatibwi sakuoneka. Tambala ndi msoti zinabwerera komwe zinachokera, mpunga unagawidwa kwa aneba. Nditabwerera kunyumba, a Yotamu anabwera kangapo kudzandifuna. Ndinkawaona pazenera atakhala pakhonde, chipewa chili m'manja, ine n'kukhala zii m'chipinda ngati mulibe munthu. Pomaliza ndinatuma amalume kuti akawauze asadzabwerenso, akapeze mkazi wa saizi yawo. Mumtima ndinkati ndawapulumutsa. Anamvera, sanabwerenso.

Inu owerenga, kusungulumwa kumene ndinakuona pambuyo pake sindikufunira munthu, ngakhale mdani wanga. Atsikana okonzekera ukwati anasiya kudzalukitsa kwa ine, ati manja anga ali ndi minyama. Ena ankabwera osati kudzalukitsa, koma kudzaona nkhope ya wothawa chinkhoswe uja. Ndinkakhala m'kachisakasa kanga tsiku lonse kuyang'ana magalimoto akudutsa. Kutchalitchi ndinasiya. Amayi anga ankangondiikira chakudya pakhomo la chipinda n'kuchokapo. M'mudzi ena ankati ndinalodzedwa, ena ankati ndi ziwanda, amalume ankafuna tipite kwa sing'anga. Ine ndekha ndinkadziwa kuti palibe anandilodza, koma dzina la chomwe chinkandidya sindinkalidziwa. Ngakhale ku chinkhoswe anasiya kundiitana, ndipo mudabwe, zimenezonso zinandipweteka, chifukwa kusekedwa kuja ndi malo okhawo amene ndinkati ndi anga.

Patapita chaka ndi miyezi, mutu unayamba kundiwawa mosalekeza, pamtima ngati pali mwala. Ndinapita ku chipatala china cha ku Chileka kuopa kukumana ndi anthu a kwathu pamzere. Namwino anandiyeza zonse n'kunena kuti m'thupi mulibe vuto. Kenako anandiyang'ana n'kundifunsa kuti masiku ano ndimacheza ndi ndani. Funso laling'ono chotero, koma ndinalira ngati pamaliro. Atanena kuti pachipatalapo pamabwera mlangizi wa za maganizo, ndinapsa mtima. Pakamwa panga si pabwino, ndinamufunsa ngati wandiona ndikutola zinyalala pamsewu. Iye sanakwiye. Anangoti mlangizi si wa amisala okha, ndi wa aliyense amene wasenza katundu yekha kwa nthawi yaitali, ndipo ndikayese kamodzi kokha.

Mlangiziyo anali mayi wamfupi wa magalasi, m'kachipinda ka mipando iwiri. Ine monga mwa chizolowezi ndinayamba ndi nthabwala. Ndinafotokoza za ndege ya pa Chileka, za nsapato za abambo, ndikuchita kuyerekezera mavinidwe anga. Mayi aja sanaseke. Ndinawonjezera, osaseka ndithu. Chibadwire changa, ameneyo anali munthu woyamba kumva nkhani imeneyi osaseka, ndipo ndinasowa pogwira. Anadikira nditakhala chete, n'kundifunsa kuti, "Mawu akuti si ameneyu, munayamba kuwanena ndinu, kapena munachita kuwamva?"

Ndinapitako kwa miyezi ingapo. Panalibe jakisoni, panalibe pilitsi, kunali kulankhula basi. Anandifotokozera kuti vuto langa ndi kudziderera, ndipo munthu sabadwa nalo. Mwana akamva chinthu chimodzi mobwerezabwereza amachitenga ngati choonadi, akakula amayamba kudziuza yekha ngakhale onenawo atasiya kalekale. Anandiphunzitsa kusiyanitsa chimene chachitika ndi chimene mutu wanga wawonjezerapo. Za chitenje chija anandifunsa ngati mayi a a Yotamu anatchulapo miyendo yanga. Ndinaganiza, ndinaganiza, yankho linali ayi. Anandipatsanso kantchito kooneka kachibwana: munthu akandiyamikira ndizingoti zikomo, n'kutseka pakamwa. Abale, kulima ekala n'kosavuta. Kasitomala woyamba amene ndinamuyankha zikomo yekhayekha, lilime linkachita kuyabwa kufuna kudzinyoza, koma ndinaluma mlomo.

Sindinganame kuti ndinachira tsiku limodzi. Masiku ena ndinkabwerera m'mbuyo, n'kujomba, kenako n'kupitanso mwamanyazi, iwo n'kundilandira osandikalipira. Pang'onopang'ono ndinabwerera kutchalitchi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza azakhali aja momwe masewera aja ankandipwetekera. Anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe, n'kumangobwereza kuti mwanawe, bwanji sunanene, ife tinkati umakondwa nazo.

Panatsala munthu mmodzi. Ndinali nditamva kale kuti a Yotamu anakwatira mphunzitsi mnzawo ndipo ali ndi mwana. Mlangizi anati ngati ndipita, ndipite kukapepesa, osati kukafuna zomwe zinapita. Ndinawapeza kusukulu kwawo ana ataweruka, tinakhala pansi pa mtengo, ine n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Anamvetsera osandidula, maso ali pansi. Nditamaliza anati:

"Ine nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti munaona chinachake choipa pa ine. Ndinkadzifunsa tsiku ndi tsiku kuti n'chiyani, osachipeza. Ndinafika posiya kuyang'ana anthu kumaso."

Mawu amenewo anandilasa kuposa phwete lonse limene ndinasekedwapo. Ine ndinkati ndikuwapulumutsa kwa mkazi wosayenera, osadziwa kuti nthenda yanga ndawapatsira iwo, munthu wosalakwa. Anandikhululukira, anandiperekeza mpaka pasiteji mwaulemu wawo womwe uja, n'kubwerera kwa akazi awo. Ine ndinakwera minibasi ya ku Lirangwe ndekha, ndipo mpaka lero ndili ndekha.

Tsono inu makolo, azakhali ndi amalume, mwana amene mumamusankha nthawi zonse kuti aseketse anthu, mufunseni pambali ngati akukondwa nazodi. Kuseka kwake kusakupusitseni. Ndipo iwe mnzanga amene umakana chiyamikiro chilichonse, amene umati wokukonda ndiye kuti wasochera kapena akukumvera chisoni, dziwa kuti kumeneko si kudzichepetsa kumene amatiphunzitsa kutchalitchi. Ndi bala, ndipo limapola ukapeza wokuthandiza. Usaganize kuti ukudzipweteka wekha, chifukwa amene wakuyandikira kwambiri ndi amene udzamuvulaze. Funsa kuchipatala, alangizi alipo, ndipo kupitako si misala. Pita munthu wokukondayo akadali pakhonde kukudikira. Ine ndinapita atasiya kale kubwera.