A Masiye ndi Masola a Padenga

Mpaka lero sindimvetsa kuti a Masiye ankalidziwa bwanji dzuwa. Ine ndinaphunzira ku Mishoni, ndipo ndaphunzitsa sayansi zaka makumi awiri. Iwo analekeza sitandade 6, pasukulu pathu anabwera kudzatchetcha udzu.

Sukulu itaika masola padenga la holo, olumikizidwa ku mawaya a Escom, a Masiye anapatsidwa ntchito yowatsuka. Chaka chisanathe, a hedi anayamba kufunsa iwo, ine ndili pomwepo.

"Mita ya masola yatsika bwanji, a Masiye, dzuwa likuswa mtengo chonchi?"

"Ndi Okutobala uyu, bwana. Galasi likatenthedwa limachita ulesi ngati munthu. Ndiye kuli fumbi, kuli utsi wa moto wa kuphiri. Dikirani Meyi, kukazizira, kumwamba kuli mbee."

Meyi atafika, mita inakweradi. Chiperoni chikamadzatsika m'phiri, iwo ankakhala ataneneratu dzulo lake. A hedi anawayamikira pa asembule, ana n'kuwomba m'manja. Ine kuyamikira munthu pagulu sindigwirizana nako, kumamuwononga. Komabe tsiku limenelo tiyi wa pa buleki sanandikomere.

Ankatsuka mbandakucha basi. Okutobala wotsatira tinamva kuti alendo amene anapereka masolawo afika 2 koloko. A hedi anali ku Zomba, wogwirizira ndinali ine. Kamvuluvulu anali atadutsa cham'ma 10, padenga pali mbuu.

"Kwerani mukatsuke," ndinatero.

"Masana ano, aphunzitsi? Galasi lapsa limenelo. Madzi athuwa ndi a m'phiri, ozizira. Lisweka."

"Sayansi mundiphunzitsa ndinu?"

Anavula chipewa, n'kukwera makwerero. Atathira ndowa yachiwiri tinangomva kuti thee! Magalasi awiri anang'aluka.

A hedi atabwera anafunsa. A Masiye anangoti, "Madzi ndinathira ndine, bwana." Anandiyang'ana kamodzi. Ine ndinayang'ana kumbali. Anauzidwa kuti abwerere ku chikwakwa, padenga asadzakwerenso.

Anatchetcha sabata imodzi, Lolemba lotsatira sanaoneke. Loweruka ndinapita kwawo ku Naisi, mawu oti ndikanene nditawakonza njira yonse. Ndinapeza pakhomo pali loko. Mayi Jacinta, oyandikana nawo nyumba, anati anawaona akukwera minibasi ali ndi chikwama chimodzi, koma sanaonetsetse ngati inali yolowera ku Liwonde kapena ku Zomba.