Ndinafunditsa Laputopu Ngati Khanda

Inu owerenga, ine ndinapha mawu a munthu amene anamwalira kale, ndipo ndinawapha ndi chitenje cha mkazi wanga.

Ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati, kuno ku Tsangano mpaka ku Macanga. Komputadori yanga yakale inali yaulesi, choncho ndinatsikira ku Tete kukasaka laputopu yamphamvu. Mu loja munali ziwiri. Ina inali yonenepa, yolemera ngati njerwa, ya mabowo a mpweya m'mbali monse. Inayo inali yopyapyala, yonyezimira, yoti ukaitulutsa pagulu anthu amakupatsa mpando. Wogulitsa anati mphamvu n'zofanana, koma yopyapyalayo imapumira kunsi, ndipo chosungira zithunzi chake n'chowotcherera m'kati, sichichoka. Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ine maso anali atagula kale. Ndinanyamula yonyezimirayo.

Ntchito yake yoyamba inali ukwati wa ku Ntengo-Wambalame. Bambo a mkwatibwi, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, anadabwitsa anthu. Anataya ndodo, natenga chishango, navina ngoma mpaka fumbi koboo! Kenaka anamulangiza mwana wawo, akutchula mayina a makolo awo mmodzimmodzi. Zonsezo ndinajambula. Nditafika kunyumba ndinazikopera mu laputopu, n'kufufuta za mu kamera, poti ku Chidzolomondo kunali ukwati wina wondidikira.

Ndisanamalize kukonza vidiyo ija, uthenga unafika woti madala aja atisiya. Maliro atatha, mayi amasiye ananditumira mawu kuti sakufuna zambiri, angomvako mawu a amuna awo.

Inali nyengo ya mphepo, fumbi likulowa ndi kudenga komwe. Mukudziwa kwathu kuno, chinthu chamtengo timachifunditsa. Wailesi ili ndi kansalu kake, makina osokera chimodzimodzi. Ndinaiyambitsa laputopu kulumikiza vidiyo, ntchito imene imatenthetsa makina kwambiri. Ndinaikhazika pa bulangete pakama, ndinaifunditsa chitenje chopinda, n'kupita kumsika ndikuimba mluzu, ndikudzitama kuti ndine wosamala.

Pobwera, fungo la pulasitiki wopsa linandichingamira pakhomo. Nditavundukula, chitenje chinali cha moto, batire litatupa, galasi lili bii. Ndinadina batani mpaka chala kupweteka, koma ayi ndithu, zii.

Ndinathamangira nayo kwa tekiniko ku Tete. Atatsegula, anapukusa mutu. Ndinamuchonderera kuti makinawo afe, koma anditulutsire vidiyo yokha.

"Patarau, bwana wanga, apa palibe chotulutsa, zapsera limodzi," anatero. "Ikanakhala ya mtundu wina, chosungiracho tikanangomasula n'kuika mu inzake."

Mtundu winawo ndi njerwa ija ndinaisiya mu loja! Ndinakhala pansi osadziwa kuti ndakhala.

Ulendo wa ku Ntengo-Wambalame unandikulira. Atandiona ndikutsika panjinga yamoto ndi chikwama, mayi aja anayamba kuyala mphasa, akuitana adzukulu kuti abwere adzaone agogo awo akuvina. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, maso ali pansi. Sanakalipe. Bwenzi atanditukwana, mwina mtima ukanapepuka. Anangofunsa motsitsa mawu:

"Ngakhale kutsokomola kwawo kokha, mwanawe, palibe?"

Panalibe. Ndinalira pamaso pa ana.

Anzanga amene mumadyera makina awa, pogula musafunse za mphamvu zokha. Funsani kuti imapumira pati, ndiponso ikafa, za m'kati mwake zingapulumuke bwanji. Ikamagwira ntchito isiyeni patebulo, poyera; fumbi limapukutika. Ndipo musafufute za mu kamera musanasunge pawiri, chifukwa zimene timanyamula si zathu. Ine laputopu ndinagula ina, yonenepa, koma madala aja sadzavinanso. Mphasa zija mayi anapinda okha, ine ndikuona.