Chimbale cha a Fulgencio

A Fulgencio akalambira pamsika wa mumzinda wa Oruro, akusamutsa mavidiyo a m'makamera kuika pa zimbale za DVD. Amuna anga a Anacleto atamwalira, ndinapatsa a Fulgencio khadi la kamera lokhala ndi gule womaliza wa amuna angawo kuti andiikire pa chimbale.

Pa TV, malemuwo akaima ankaoneka bwinobwino. Akangoyamba kuvina, nkhope ndi manja zinkang'ambika m'mizere ngati mano a chipeso.

"Kamera yanuyo imajambula zithunzi zathunthu, doña, mayi wanga," anatero a Fulgencio nditadandaula. "Ine ndinazolowera kudula zithunzi m'mizere n'kuziluka, momwe ankafunira ma TV akale."

"Bwerezaninso, chonde."

"Khadi lija ndinafufuta kale. Komatu akaima akuoneka, mayi!" Anaseka.

Anthu akupitabe kwa a Fulgencio. Ine ndimangoimitsa chimbalecho, n'kumayang'ana munthu amene ng'oma ikalira sankadziwa kuima.